Mabenchi Osatha Kukwecha

"Apa ndi apa, amayi. Malo awiri okha," anatero mwana wawo woyamba, chala chili pa pepala limene analiyala pa tebulo lopalira matabwa.

Mayiwo sanasiye kusesa. Linali tsiku lachiwiri chiikireni amuna awo m'manda, ndipo utuchi umene malemuwo anasiya m'shopu unali ukadali pansi, utapondedwapondedwa ndi anthu odzapepesa.

"Tukula phazi."

Mwanayo anatukula phazi, tsache n'kudutsa. Anali bambo wa ana awiri, wovala taye, wogwira ntchito ku ofesi ya zilolezo. Mumsewu monse ankangomutchula kuti Kalaliki.

"Ndiwerengere. Magalasi ndawasiya m'nyumba."

"Ndi zachizolowezi, amayi. Laisensi ya shopu inali m'dzina la ababa, ndiye mwini wake akamwalira nayonso imafa. Mukasaina ilowa m'dzina lanu, mlongo wangayu apitirize ntchito."

"Ndati undiwerengere. Sindinati undifotokozere."

Pakona, Chitsiriza, mwana wawo wamkazi, anasiya kunola mpeni wa puleni kuti amve bwino. Kalaliki anakhosomola pang'ono n'kuwerenga mothamanga: "Ine mwini malo ano ndikutsimikiza kuti pano pamachitika ntchito ya ukalipentala yokha, ndipo sipachitika mapemphero a mtundu wina uliwonse."

"Ehe," anatero mayiwo. "Funso lachiwiri lija. Lero labwera lovala pepala."

Nkhani ya funso lachiwiri inali yodziwika kwa aliyense m'nyumba imeneyo. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo kunatuluka lamulo loti anthu oposa a banja limodzi asapemphere pamodzi popanda chilolezo. Chilolezocho chinkapemphedwa, koma kutuluka ayi. Tchalitchi cha kumtunda kwa msewu anachimenya loko, abusa anawakweza m'galimoto yopanda mawindo, ndipo mpaka lero sanabwerere. Kutatsala mwezi kuti zimenezi zichitike, abusawo anali atauza a Kalipentala, malemu aja, kuti akhome mabenchi asanu ndi limodzi. Mabenchiwo anakhomedwa, kunangotsala kukwecha ndi kupaka vanishi.

Lamulungu loyamba tchalitchi chitatsekedwa, anthu anadzuka, anasamba, anavala, n'kusowa kolowera. Mmodzimmodzi anayamba kutulukira pa shopu, ati adzaone mmene mabenchi akuyendera. A Kalipentala anawayang'ana, anatenga sandipepala n'kuliduladula.

"Wofuna kukhala muno agwire ntchito," anatero. "Koma onamizira sindiwasunga. Ukagwira pepalali, kwecha ndithu."

Munthu sakwecha benchi ataimirira. Anthu anagwada, aliyense pamalo pake, n'kuyamba kukwecha. Atagwada kale choncho, kupemphera sikunavute. Nyimbo ankaimbira pakhosi, phokoso la sandipepala n'kumaziphimba. Bwana woyendera mashopu, amene anthu anamupatsa dzina loti a Chidindo, ankafika n'kufunsa kuti mukutani muno. A Kalipentala ankayankha kuti, "Tikukwecha mabenchi a tchalitchi, bwana." A Chidindo ankalemba m'buku mwawo n'kutuluka msangamsanga, pakamwa pasanapalamule funso lina.

Kawiri kokha kunabwera anthu ena amene anafunsa lachiwirilo: "Kodi mukupempheranso?" Kawiri konse a Kalipentala anati inde. Ulendo woyamba anakhala m'ndende miyezi inayi. Wachiwiri anakhala masabata atatu okha, koma anatuluka nthiti zitathyoka, ndi chifuwa chimene chinawadya pang'onopang'ono mpaka kuwagoneka.

"Palibe chimene chisinthe," anatero Kalaliki. "Musaine, Lamulungu muzikwecha monga kale. A Chidindo afika naini koloko, aona masandipepala, atenga pepalali, nkhani yatha. Mukakana, pakhomo apa pakhala loko. Ndipo wonyamula lokoyo ndine."

"Akupatsani ndi kiyi yemwe, achimwene?" anafunsa Chitsiriza. "Kapena ulemu umenewo sunakufikeni?"

"Iwe, kusukulu anakuchotsa uphunzitsi chifukwa cha pakamwa pomwepo."

"Anandichotsa chifukwa ndinakana kuvula mtanda. Pakamwa ankapapirira."

"Basi," anatero mayi awo. "Bambo anu dothi silinawaumire, inu mwayamba kale kujomphana ngati atambala. Lisiye pepalalo, ndiliona."

Analitenga n'kulitsindikiza ndi hamala kuti mphepo isaliulutse, n'kupitiriza kusesa.

Lachisanu m'mawa kunabwera a Makutu, ometa tsitsi a kutsidya kwa msewu, chipewa chili m'manja. Dzinalo silinachokere ku kukula kwa makutu. Aliyense ankadziwa kuti zimene amva m'shopu Lamulungu, Lolemba zimakhala zafika ku ofesi.

"Pepani mayi, pamaliro sindinayandikire."

"Tinakuonani pansi pa mtengo paja. Munatiwerenga bwino, kapena ena anakubisalirani?"

A Makutu anazunguliza chipewa. Mayiwo anawalozera mpando. M'shopu monse mpando wotsamira unali umodzi wokhawo, wokhala ndi mikono, ndipo unali wa a Makutu.

"Mkuja sabwera okha a Chidindo," anatero atakhala. "Kubweranso wapolisi. Sainani, mayi. Ndikukupemphani."

"Akutumani?"

"Ayi. Ulendo uno ndadzituma ndekha." Anasisita mkono wa mpando, umene nawonso unali utasalala ndi kukwecha. "Kachiwiri kaja, ka nthiti kaja, amene ndinawatengetsa ndine."

"Ndikudziwa. Nawonso ankadziwa. Mpando mwakhalirawo anaukhoma liti?"

"Atatuluka."

"Atatuluka. Chitsiriza ankafuna akuthireni guluu m'makutu, mpingo unkafuna ukuthamangitseni. Malemu anati munthu woimirira sabata yonse ndi lumo msana wake sungalole kugwada. Anati poti akanena ndithu, akhale bwino amve zonse, asakaphonye mawu chifukwa cha msana. Ine ndinakwiya sabata yathunthu. Thabwa labwino ngati limenelo."

A Makutu anapukuta m'maso ndi chipewa.

"Musalire muno, ndangosesa kumene," anatero mayiwo. "Mkuja mubwere monga mwa nthawi zonse. Ndipo mukamakapereka mayina, mundiyambe ine. Zaka zonsezi ndakhala wachiwiri pa mndandanda wanu, ndatopa nazo."

Loweruka Chitsiriza anavundukula lona limene linkaphimba mabenchi mkati mwa sabata, n'kuyamba kuwatsitsa pamene ankasanjikizidwa. Kuchokera pamene anamuchotsa ntchito, bambo ake anamuphunzitsa sowo ndi puleni mpaka manja ake anachita zikanga, ndipo thabwa ankalidziwa pongoligogoda. Anagogoda benchi loyamba. Linalira ngati chitini. Analitsindika ndi chikhatho pakati, n'kuwerama.

"Amayi, bwerani mudzaone. Matabwa awa anali a mainchi awiri. Lero chala changa chawaposa kunenepa. Tikakwechanso kawiri, tiboola."

Mayiwo anayendetsa dzanja pamwamba pake. Panali posalala ngati mbale, pokumbikakumbika pamene aliyense ankagwada. Apa pa gogo wogulitsa sopo. Apa pa telala ndi mkazi wake. Apa pa iwo eni.

"Ndikhome matabwa atsopano pamwamba," anatero Chitsiriza. "Tikhala ndi chokwecha zaka zina khumi. Ndipo chitsa chili kumapeto kwa benchi lomalizali ndichipale lero, chimandiwawa m'maso."

Chimene ankachitcha chitsacho anali malo okwana munthu mmodzi, kumapeto kwenikweni kwa benchi lokhala pafupi ndi chitseko. Pamenepo thabwa linali likadali lochindikala ndi lokhakhala, mizere ya sowo ikuonekabe. Bambo ake sankalola munthu kugwadapo.

"Pamenepo usakhudze," anatero mayiwo. "Matabwa atsopanonso usakhome. Abusa anaitanitsa mabenchi asanu ndi limodzi, sanaitanitse chobisalira. Bambo ako ankanena zoona akamati tikukwecha, chifukwa chokwecha chinalipo. Ukakhoma ena pamwamba, bodza layamba."

"Ndiye mawa titani?"

"Mabenchi atha. Benchi likatha anthu amakhalapo."

Analankhula molimba choncho, koma masana, ali okha m'nyumba, anavala magalasi, anayala pepala lija patebulo, n'kutenga bolopeni. Mantha analipo, asaname munthu. Ankaikumbukira bwino njira ya kundende. Ankakumbukira kuima pa mzere dzuwa lili pamutu, mbale ili m'manja, mlonda n'kuvundula chakudya ndi ndodo. Ankakumbukira malaya amene anawachapa katatu magazi osachoka. Amuna awo anali chimunthu champhamvu, koma anabwerako akuyenda chogwira khoma. Nanga iwo, a mawondo otupa ndi mankhwala a m'mawa ndi madzulo? Nanga Chitsiriza, shopu ikatsekedwa adya sowo? Malo osainawo anali timizere tiwiri, tifupitifupi.

Kalaliki anawapeza ali chomwecho. Anabwera wopanda taye. Ataona bolopeni m'manja mwa mayi ake, nkhope yake inamasuka.

"Mwaganiza bwino, amayi."

"Ndikuganizabe. Khala pansi."

Sanakhale. "Pepala ndi pepala. Mulungu amaona mumtima."

"Amaonanso dzanja."

"Ndiye aone ndi langali." Analitambasula dzanjalo patebulo. "Miyezi inayi ija ababa ali mkati, munkadya chiyani? Mabenchi? Ndinasiya koleji chaka chomaliza, ndinakagwada ku ofesi imene mukuinyozayi kuti muno musazime moto. Ababa atatuluka, mpingo wonse unadzawanyamula ngati ngwazi. Ine palibe anandifunsa kuti wadya. Iwo anasankha mabenchi, ife tinatsala kuti tizidzionera. Lero ndili ndi ana awiri, apongozi anu ali ndi pakati, nyumba imene tikukhala ndi ya boma. Mukakana, Lolemba aliyense azindiloza kuti mwana wa mayi uja ndi ameneyu."

Mayiwo anavula magalasi. Anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, n'kuona kuti imvi zayamba kumutuluka m'mbali mwa makutu.

"Wanena zoona," anatero. "Unatidyetsa. Ine sindinakuthokoze, mtima unali kundende. Bambo ako ankayamba kuti anene, pakamwa n'kuwalemera. Ndikunena lero m'malo mwa tonse awiri: zikomo, mwana wanga."

Kalaliki anakhala pansi.

"Koma kusaina sindisaina. Pa mzere wa kundende paja ndinkaima ndekha, iwe uli kuntchito, mlongo wako ali kusukulu, anansi akundilambalala ngati ndili ndi mphere. Amene ankandigwira kuti ndisagwe ndi Ambuye Yesu. Lero ndilembe ndi dzanja langa kuti muno sadziwika? Chifukwa cha tebulo ndi sowo?"

"Akutengani, amayi."

"Mwina. Ndikuopa, usaganize kuti ndine mwala. Koma kuopa ndinakuzolowera, kuli ngati mawondowa. Amawawa, koma ndimayendabe." Anapinda pepala lija n'kumupatsa pamodzi ndi bolopeni. "Mawa ubwere ndi loko wako. Ulembe bwino, utseke bwino, abwana ako aone kuti dzanja silinanjenjemere. Ana ako adye. Sindikukupempha kuti usenze zanga."

Kalaliki anatuluka osatsanzika. Bolopeni anaiiwala patebulo.

Lamulungu mayiwo anatsekula zitseko zonse ziwiri za shopu mpaka kukhoma, n'kuzitchinjiriza ndi njerwa. Masiku onse ankatsekula chimodzi, mwatheka. Anthu ankakwana makumi atatu, koma mphekesera zinali zitayenda, ndiye anabwera khumi ndi asanu ndi mmodzi. Aliyense polowa ankalunjika kukhoma, kumene kunali mzere wa misomali, msomali uliwonse ndi sandipepala la mwini wake. Anapeza misomali yokhayokha. Masandipepala mayiwo anali atawachotsa onse n'kuwaponya m'chitini, kupatula la pamsomali wa kuseri kwa chitseko.

"Tamverani," anatero ataima pakati. "Zolankhula zambiri sindizitha. Mabenchi atha, lero kulibe kukwecha. Pepala la boma sindinasaine. Naini koloko kubwera a Chidindo ndi wapolisi, alemba mayina. Wofuna kupita apite tsopano, palibe amuseke, ndipo ndikamva wina akumunena adzaonana ndi ine."

Telala anayang'ana mkazi wake. Anadzuka onse awiri, anagwira mayiwo dzanja, n'kutuluka mitu ili pansi.

"Mupite bwino. Mwana wanu wodwala uja mumupatse mankhwala," anawauza.

Gogo wogulitsa sopo anakhala pa benchi mosamala, ngati akukhalira mazira. "Zaka zonsezi ndimalipalasa, lero ndilimve kukoma kwake," anatero. "Likathyoka munditole."

Anayamba nyimbo. Inayamba moipa. Anthu anali atazolowera kuimbira pakhosi, ndipo chimene chinkawatsogolera ndi kukwecha kuja. Popanda icho ena anathamanga, ena anatsalira. Mayiwo anayang'ana m'mabenchi n'kuona manja onse akuyenda okha pa mawondo, kutsogolo ndi kumbuyo, opanda kanthu.

"Kwezani mawu," anatero. "Mukuopa kudzutsa ndani? Mwini shopu anagona kale."

Wina anaseka, ndipo kusekako kunamasula kukhosi. Chitsiriza anaikweza ndi mawu ake a m'kalasi, ena n'kutsatira. Nyimbo inatuluka pakhomo, inawoloka msewu. Mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa anaima. Mawindo a nyumba zoyandikana anayamba kutsekedwa, ena kutsekulidwa.

A Chidindo anafika nyimbo ili pakati. Anali kamunthu kakafupi, kotsala pang'ono kupuma pantchito. Kumbuyo kwawo kunali wapolisi, ndipo kumbuyo kwa wapolisi kunali Kalaliki, buku kukhwapa, loko m'manja. A Chidindo anayang'ana manja a anthu, anayang'ana misomali, nkhope n'kugwa. Anadikira nyimbo ithe, n'kusendera pafupi ndi mayiwo.

"Mayi, masandipepala ali kuti?" anafunsa motsitsa.

"Ntchito inatha, bwana."

"Inatha liti?"

"Dzulo."

"Tengani ngakhale tinsanza muzipukuta. Musaine apo, ine ndilembe zanga za masiku onse, tisiyane bwino. Ine ndi malemu sitinayambanepo."

"Simunayambane chifukwa munkafunsa funso limodzi. Funsani lachiwiri, bwana. Mwalisunga m'kamwa zaka zisanu ndi zinayi, likuwoletsani mano."

A Chidindo sanafunse. Anangoyang'ana nsapato zawo.

"Ndikuyankhani chomwecho," anatero mayiwo, mokweza kuti wapolisi amve. "Tikupemphera. Takhala tikupemphera muno Lamulungu lililonse, ndipo likubwerali tidzapemphera pamene tidzapezeke."

Wapolisi anatulutsa kabuku kake. A Chidindo anapumira m'mwamba n'kukodola Kalaliki. "Lemba mayina."

"Uyambe ine," anatero mayi ake. "Dzina ukulidziwa."

Kalaliki analemba. Dzanja silinanjenjemere, koma khosi la malaya linali litanyowa. Anayenda benchi ndi benchi, anthu akutchula mayina awo, ena mokweza, ena monong'ona. Mlongo wake anamutchulira lake pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Atafika pa mpando wotsamira, a Chidindo anagwedeza dzanja.

"Awo asiye. A Makutu, tulukani, inu si a muno."

"Msana, bwana," anatero a Makutu. "Wandigwira. Sindingadzuke msanga."

"Dzukani pang'onopang'ono."

"Ukandigwira chonchi umatenga tsiku lonse. Angondilemba."

Kalaliki anayang'ana abwana ake, kenako analemba.

Wapolisi anauza mayiwo kuti akaonekere kupolisi mawa lake eyiti koloko, ndipo atenge chofunda. Ena onse adzaitanidwa pambuyo. A Chidindo analamula kuti anthu atuluke, zonse za m'shopu zitsekeredwe momwemo.

"Tebulo, sowo, puleni, tsekerani," anatero mayiwo. "Mabenchi ayi. Si a shopu."

"Ndi a yani?"

"Tsekulani buku lanulo. Mwakhala mukulemba chiyani zaka zonsezi?"

A Chidindo sanafunikire kutsekula. Tsamba lililonse, ndi dzanja lawo lomwe, linkati: ndapeza anthu akukwecha mabenchi a tchalitchi. Anayang'ana wapolisi, wapolisi anayang'ana kudenga.

"Atulutseni msanga," anatero. "Iwe Kalaliki, thandiza, tisagone pano."

Mabenchi anawanyamula awiriawiri kupita nawo pakhonde la nyumba, pambali pa shopu. Anali opepuka ngati mabokosi opanda kanthu. A Makutu msana unawalola mwadzidzidzi, ananyamula okha mpando wawo. Benchi lomaliza Chitsiriza anagwira mbali imodzi, mchimwene wake n'kugwira inayo. Mayiwo anaona Kalaliki akudzidzimuka. Mbali yake inali yolemera, ndipo kachitsotso kanamubaya m'chikhatho. Anayang'ana pamene wagwira, anayang'ana benchi lonselo.

Atabwerera kukatseka, anachotsa njerwa n'kukoka chitseko. Pamenepo msomali wa kuseri uja unaonekera. Panali polendewera kathabwa kokulungira sandipepala, kakang'ono, kosemedwa timaenje togwira tizala ta mwana, komangidwa ndi chingwe chofiira. Sandipepala lake linali latsopano. Kalaliki anaima, chitseko chili m'manja.

"Tseka," anatero a Chidindo.

Anatambasula dzanja ngati akukonza chitseko, kathabwa kaja n'kulowa m'thumba la jekete. Kenako anakoka zitseko zonse ziwiri, analowetsa loko, n'kumudina. Kiyi anapereka kwa abwana ake. Anapita nawo limodzi osacheuka.

Chitsiriza anakhala pa sitepe akuyang'ana lokoyo, misozi ikutsika koma nsagwada zitalimba.

"Usalire loko," anatero mayi ake. "Manja sanakutsekere. Ukabwereke sowo kwa amalume ako. Tsopano ndithandize kufuna chikwama chija, ndi mankhwala anga uwaike m'kabotolo kamodzi."

Dzuwa litapendeka, mayiwo ali pakhonde akusoka chogwirira cha chikwama, Kalaliki anatulukira. Taye inali m'thumba. Sanapereke moni. Anapita pa benchi lomaliza n'kuima pafupi ndi pokhakhala paja.

"Apa bwanji?"

"Unagwadapo kangati usanapite ku ofesi? Kanayi?"

"Katatu."

"Ndiye ndi pomwe unasiyira. Anthu akachuluka ena ankagwada pa simenti, koma pamenepo bambo ako ankakaniza. Wina akafunsa ankati mwini wake ali kuntchito, abwera."

Kalaliki anatulutsa kathabwa kaja. Zala zake sizinkakwananso m'timaenje.

"Anandisemera ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndimayesa kanatayika."

"Chaka chilichonse chikamayamba ankachotsa sandipepala lakale n'kukulunga latsopano, ati chinyezi chimalipha mano. Ilo anakulunga ali chigonere, manja akunjenjemera. Ndinati ndiwathandize, anandikalipira."

"Ankati ndine wotayika?"

"Ndinkatero ndine. Iwo ankati munthu amene anadyetsa banja lawo miyezi inayi satayika, amangochedwa." Analuma ulusi n'kudzuka. "Ndikalongedze. Mawa sindifuna kuchedwa, angaganize kuti ndikuopa."

Analowa m'nyumba. Anapinda bulangete, anaika sopo, mankhwala, ndi juzi ya amuna awo. Akufunafuna magalasi, anamva phokoso kuchokera pakhonde, la munthu mmodzi, lodukizadukiza poyamba, kenako lokhazikika. Chitsiriza anathamangira pawindo.

"Amayi, achimwene agwada. Pakhonde, msewu wonse ukuona. Ndi buluku la kuofesi."

"Choka pawindo."

Anaima chikwama chili m'manja, akumvetsera. Ankakwecha motsata mzere wa thabwa, osapingasa, mokoka motalika, monga mmene mwini shopu ankaphunzitsira aliyense. Mayiwo anaika chikwama pafupi ndi chitseko, anapita kukhitchini, n'kutsitsa makapu atatu.